Chiperoni M'chipumi

Chiperoni chafika usiku osaodira.
M'mawa phiri la Ndirande lasowa,
la Soche lafunda bulangete lotuwa,
ndipo kamtambo kena kotsalira
kalowera m'mphuno mwanga
n'kukamanga msasa kuseri kwa nsidze.

Ndine telala wa pakhonde ku Limbe,
ntchito yanga ndi yowerama.
Koma lero ndikati ndilowetse ulusi m'singano
mwala ukugubuduka kuchoka kunkhongo
kudzagunda pachipumi, phi!
Masaya alemera ngati matumba a simenti,
mano akumtunda akuwawa onse pamodzi
ngati anachita kupangana,
chonsecho palibe ndi limodzi lomwe lobooka.

Diresi laukwati la mwana wa a Likoswe
likundiyang'ana lili pamsomali.
Ukwati ndi Loweruka lino.
Lilibe manja, lilibe zipi.

Wogulitsa mandasi akuti wina wandiponda
chifukwa makasitomala andichulukira.
Kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe
akuti kapu imodzi ya kachasu imatsegula chilichonse.
Ndaseka,
kuseka nakonso kwandibaya m'diso.

Kuchipatala, benchi yozizira, mzere wokhota.
A dokotala, mwana wa dzulodzuloli,
andisindikiza chala pansi pa diso.
Ndadzambatuka.
Akuti, mayi, m'mafupa a nkhope muli timapanga,
tizipinda momwe mumayenda mpweya.
Tanu tatupa, mamina asowa khomo.
Imwani madzi ambiri, panado nayu,
nthunzi ndi madzi amchere zikuthandizani.
Koma thupi likatentha, diso likatupa,
kapena masiku khumi akatha zili chomwecho,
musadikire, mubwerenso.

Madzulo Sigele wanga wakathyola masamba a bulugamu
kumtunda, pafupi ndi thanki ya madzi.
Mphika wawira pambaula.
Wathira m'beseni, wadikira pang'ono,
wandifunditsa chitenje kumutu
monga ndinkamuchitira ali kamwana ka chifuwa.

Muno mumdima ndili ndi chiperoni changachanga,
chotentha, chonunkhira mtengo.
Ndikukoka mpweya, ukukana.
Ndikukokanso.
Thukuta likudontha pachibwano,
kunja Sigele akuwerenga mpaka zana
n'kuyambiranso, wabodza iye,
kuti ndisatuluke msanga.

Kenaka madzi owiritsa atazizira,
kamchere kotapa ndi nsonga ya supuni,
mphuno iyi, mphuno inayo.
Kuyabwa kwake ndatukwana pang'ono,
Mulungu andikhululukire.
Kansalu kofunda pamasaya.
Mapilo awiri, kugona chokhala
ngati mlonda wa pasitolo ya mmwenye.

Usiku woyamba mwala sunasunthe.
Wachiwiri unapendekeka.
Wachitatu, tambala asanalire,
china chake chatseguka mkati, tswee,
ngati zipi yomwe inagwira nsalu
ikamasuka mwadzidzidzi.

Fungo loyamba kundipeza
silinali la maluwa ayi.
Linali la ngalande ya kuseri kwa nyumba,
ndipo ndinalilonjera ngati m'bale wochokera ku Joni.
Kenaka utsi wa makala a aneba,
sopo wa Sigele,
mafuta a makina m'zikhadabo zanga.

Lachisanu ndabwerera pakhonde.
Makina ndawakweza ndi njerwa ziwiri
kuti ndisawerame kwambiri,
mphuno ndamanga ndi kansalu
poopa fumbi la nsalu ndi utsi wa malole.
Botolo la madzi lili pamwendo.
Wa mandasi akuti waona, wokuponda uja wachita manyazi.
Sindikumuyankha, m'kamwa muli mapini.

Chipumi chikadagunda patalipatali,
ngati ng'oma ya kutsidya kwa Mudi.
Chigunde.
Manja a diresi alowa, zipi yalowa,
kwatsala kupinda m'munsi
ndi kukumbutsa a Likoswe
kuti anangopereka theka.